Kakabudula ka m'Citini: Burma Boy ndi Msilikali wa ku Rufunsa

Temu yatha ndinauza ana anga a giredi 11 kuti alembe nkhani ya msilikali ali kunkhondo. Nditakhala pansi kuti ndiconge, ndinapeza kuti pafupifupi mapepala onse ali ndi munthu mmodzimodzi: cimphona ca minofu, mfuti ziwiri m'manja, adani akungoyoyoka ngati mango akupsa. Panalibe msilikali amene anali ndi amayi ake. Panalibe amene anamva njala, kapena kulota ali kwawo. Sindinawakalipire, cifukwa nkhondo imene aidziwa ndi ya m'mafilimu ndi m'magemu a pa foni. M'mawa mwake ndinangowafunsa kuti, "Kodi Burma kuli kuti?" Mnyamata wina wa kumbuyo anakweza dzanja molimba mtima nati, "Ba ticha, ni pafupi na Libala."

Kalasi yonse inaseka, inenso ndinaseka, koma mnyamatayo sanalakwe kwenikweni. Burma Road ilidi pamenepo, ndipo Arakan Barracks ili mu Lusaka momwemu. Ku Ndola kuli Tug Argan ndi Kalewa, ku Kabwe kuli Chindwin, ku Chipata kuli Gondar. Timachula maina amenewa pokwera minibasi osadziwa kuti ndi malo amene anthu a kwathu anamenyako nkhondo yaciwiri ya dziko lonse. Tug Argan ndi mpata wa mapiri ku Somaliland, kumene gulu loyamba la Northern Rhodesia Regiment linalimbana ndi asilikali a Italy mu Ogasiti 1940. Gondar ndi mzinda wa ku Ethiopia. Chindwin ndi mtsinje wa ku Burma, dziko limene lero lichedwa Myanmar, ndipo Kalewa ndi tauni ya m'mbali mwa mtsinjewo. Anthu akuda pafupifupi 15,000 a m'dziko muno anavala yunifomu pa nkhondo imeneyo. Mmodzi wa iwo anali atate ao a ambuya anga, mlimi wa ku Rufunsa, m'dziko la Asoli.

Sukulu zitatseka mu Ogasiti, ndinakwera basi pa Intercity kupita kukaona ambuyawo. M'cikwama ndinanyamula shuga, sopo, mafuta ophikira, ndi buku limodzi la Cingerezi lochedwa Burma Boy, lolembedwa ndi Biyi Bandele wa ku Nigeria ndi kusindikizidwa mu 2007. Ndinali nditaliwerengapo ndili ku yunivesite. Ulendo uno ndinafuna kuona ngati ndingalipatse ana anga monga mankhwala a cimphona ca minofu cija. Ndinalitsegula titangodutsa Chongwe, ndipo pofika pa akasupe otentha a Chinyunyu ndinali nditamira kale m'nkhalango ya Burma.

Mwini nkhani ndi Ali Banana, kamnyamata kolankhula Cihausa, ka zaka ngati 14, kamene kanali kuphunzira nchito yosula zitsulo. Kananama zaka kuti kalembedwe usilikali. Kafika ku India, kadwala nthomba ya nkhuku, anzake akasiya m'cipatala, ndipo katacira kaphatikizidwa ku kagulu ka Samanja Damisa, msilikali wakale amene akhala ngati tate wake. Kaguluka ndi ka ma Chindit, asilikali amene mkulu wa nkhondo Orde Wingate anawatumiza kuseri kwa adani a ku Japan mu 1944. Mbali yaikulu ya nkhani icitikira pa linga lochedwa White City, lozunguliridwa ndi waya waminga, limene a Japan anali kuliukira usiku ndi usiku.

Cinthu coyamba cimene Bandele anacita bwino ndi kuseketsa. Asilikali ake ndi anyamata ngati amene timakhala nao m'komboni: onyozana, odzitama, okonda nkhani zokokomeza, okangana pa zacabecabe pamene imfa ili pa mpanda. Ali Banana ndi wa pakamwa, wofulumira kukwiya, wodziona ngati mwamuna pamene ndevu zilibe n'komwe. Ukamuseka kwa masamba ambiri umayamba kumukonda, ndipo zipolopolo zikayamba kutola anzake mmodzimmodzi umamva kuwawa ngati maliro a pa nyumba yoyandikana nayo. Ana anga anaganiza kuti nkhani ya nkhondo iyenera kukhala yokwinya nkhope kucokera pa tsamba loyamba. Bandele aonetsa kuti wowerenga amalira munthu amene anasekapo naye.

Caciwiri ndi cinenero. Bukuli ndi la Cingerezi, koma Cingerezi cake capindidwa kuti cikwane m'kamwa mwa Ahausa. Sajeni akhala samanja, mfumu ya ku Britain ikhala Kingi Joji. Ife sitingadabwe nazo, pakuti ambuya anga mpaka lero amati nkhondo ya Hitila, ndipo mau akuti kopolo ndi sajeni tinawaphika tokha mpaka kukhala athu. Wolemba akalola asilikali kuchula zinthu m'njira yao, nkhondo imaoneka ndi maso ao: nkhondo ya mfumu imene sanaionepo, yolimbana ndi anthu amene sanawalakwirepo, m'dziko limene dzulo sanali kulidziwa dzina.

Cacitatu, nkhondo ya m'bukuli ili ndi fungo. Mitembo ya oukira imatsala pa waya waminga n'kuola pamenepo, nchenche n'kudzaza linga lonse, anthu n'kumadya ndi kugona m'maenje pakati pa zimenezo. Palibe cimphona. Pali kudikira, kutopa, mantha, ndi phokoso la usiku. Atate ao a ambuya sanali ku White City. Gulu lao linali mbali ya 11th East African Division, imene inatsika m'cigwa ca Kabaw m'nyengo ya mvula ya 1944 mpaka kufika pa Chindwin. Cigwaco cinachuka ndi malungo ndi matenda ena a malungo ofalitsidwa ndi tizilombo ta m'maudzu, moti asilikali anacicha cigwa ca imfa. Koma matope, misundu, ndi mdani wosaoneka m'mitengo zinali zofanana. Pa mabuku onse amene ndawerenga, ili ndilo linandifikitsa pafupi kwambiri ndi kumene munthu wa kwathu anaponda.

Ndiye n'cifukwa ciani ndinatsika basi pa Rufunsa mtima uli wosakhuta? Pali zinthu ziwiri. Coyamba n'caching'ono: bukuli litsegulidwa ndi Wingate, mu hotela ku Cairo mu 1941, pamene anayesa kudzipha. Masambawo analembedwa mwaluso, koma m'buku lofuna kubwezera msilikali wakuda malo ake, woyamba kutilowetsa mumtima mwake ndi mzungu yemwe uja amene mabuku a mbiri anamupatsa kale malo okwanira. Caciwiri n'cacikulu. Kwao kwa Ali timakumva capatali, m'nthabwala ndi m'nkhani zimene asilikali amauzana. Sitikhala pansi ndi munthu aliyense amene akumuyembekezera. Ndipo buku litha Ali akadali ku Burma. Bandele, amene anamwalira mu 2022, anali mwana wa msilikali amene anapitadi ku Burma n'kubwerako nkhondo isanamucoke m'mutu. Nkhani ya kubwerako anaidziwa bwino, anakulira m'nyumba mwake. Anasankha kuimira pa khomo osalowa. Ndi ufulu wa wolemba, koma ine ndiona kuti theka la nkhondo linatsala panja.

Theka limenelo ndinalipeza madzulo a tsiku laciwiri, ambuya atandituma kukatenga citini ca pansi pa bedi. Ndinali nditaciona kuyambira ndili mwana, koma sitinali kuloledwa kucikhudza. Munali mendulo yamkuwa, nyenyezi ya nsonga 6 yolembedwa The Burma Star, nsalu yake itasuluka. Pansi pake panali kakabudula ka khaki, kopindidwa bwino, ka mwana wa zaka ngati zinayi. Sikanavalidwepo.

Ambuya anali ndi zaka zisanu pamene atate ao ananyamuka mu 1942. Kumbuyo kwao kunali kamnyamata ka miyezi yowerengeka, kakadali kumsana. Makalata anali kubwera mwa apo ndi apo, olembedwa ndi dzanja la munthu wina popeza atatewo sanali kudziwa kulemba, ndipo mphunzitsi wa pa sukulu ya mishoni ndiye anali kuwawerengera banja lonse pansi pa mtengo. Makalatawo ciswe cinadya kalekale, koma ambuya akumbukira zimene zinali m'kati, cifukwa akuti zinali zimodzimodzi nthawi zonse.

"Za mfuti sanalembepo, mzukulu wanga," anatero. "Anali kufunsa mvula, kufunsa nkhokwe, ndiye kufunsa mwana. Kodi wamera mano? Kodi wayamba kuyenda? Kodi amachula atate?"

Kamnyamatako kanamwalira ndi cikuku mu 1944, caka cimene atate ake anali m'matope a Kabaw. Akuluakulu a pamudzi anakhala upo nagamula kuti munthu ali kunkhondo sauzidwa maliro, pakuti mtima ukafooka cipolopolo cimamupeza. Tsono kwa zaka ziwiri amai ao a ambuya anali kukhala pamaso pa mphunzitsi uja ndi kumuuza kuti alembe kuti ana onse ali bwino. Funso likabwera lakuti kodi mwana akuthamanga tsopano, iwo anali kuyankha kuti inde.

Mu 1946 lole inawasiya atatewo pamseu, nayenda pansi mpaka kumudzi. Anthu anaimba, nthungululu zinamveka. Atakhala pa mpasa anamasula katundu: nsalu ya akazi ao, mikanda ya ambuya, ndi kakabudula kaja. Anali atawerengera zaka ali kutali, nagula ka msinkhu woyenera. Anakakweza m'mwamba akuyang'ana pakati pa ana amene anazungulira, kufuna nkhope yofanana ndi yao.

"Pamenepo nthungululu zinazima," anatero ambuya. "Palibe analankhula. Atate anayang'ana amai, amai anayang'ana pansi. Basi anadziwa."

M'mawa mwake akuluakulu anawaperekeza kumanda. Pobwerako anapinda kakabudula, nakaika m'citini pamodzi ndi nyenyezi ija. Anakhala ndi moyo zaka zina zambiri, analima, anabereka ana ena, koma za Burma sanasimbepo. Cokha cimene ana anaona n'cakuti mvula yamphamvu ikagwa usiku sanali kugona. Anali kukhala tsonga pafupi ndi citseko mpaka kuca, akupapasa miyendo yao ngati akucotsa kanthu.

Ndinagona mocedwa usiku umenewo ndikuganiza za Ali Banana. M'mabuku ambiri a nkhondo, imfa imene imaswa msilikali ndi ya mnzake wa pambali pake. Kwa munthu uyu wa ku Rufunsa, imfa yaikulu inacitika kumudzi, ndipo cimene cinamusunga wamoyo m'nkhalango cinali mwana amene anali kale m'manda. Amai aja nawonso anamenya nkhondo yao, ya kunama mwezi ndi mwezi cifukwa ca cikondi, ndipo palibe anawapatsa mendulo. Buku limene lithera ku Burma silingaione nkhondo imeneyo.

Pali buku lina limene limayandikira mbali imeneyi, At Night All Blood Is Black la David Diop, wolemba wa ku France amene anakulira ku Senegal. Linatuluka m'Cifalansa mu 2018, ndipo kumasulira kwake kwa Cingerezi kunapata mphoto ya International Booker mu 2021. Nkhondo yake ndi yoyamba ija ya 1914 mpaka 1918, m'maenje a ku France. Alfa Ndiaye aona mnzake Mademba, amene anakula naye nyumba imodzi, atang'ambidwa mimba. Mademba amupempha katatu kuti amutsirize, Alfa akana, ndipo kukanako kumudya mpaka ayamba kukwawa usiku kupita kwa adani n'kumabwera ndi manja odula. Poyamba anzake amutamanda, kenako amuopa ngati mfiti. Cimene Diop aposa naco Bandele cibwera pamene Alfa atumizidwa kucipatala ndipo dokotala amupatsa pepala kuti ajambule. Cithunzi coyamba cimene ajambula ndi ca amai ake, Penndo Ba, amene anacoka pamudzi wa Gandiol iye ali mwana kukafuna atate ao ndi alongo ao, osabwereranso. Pamenepo wowerenga azindikira kuti bala la Alfa linayamba kale, nkhondo inangolitukusa. Mu Diop, kwao kwa msilikali ndiko muzu wa zonse zimene acita kunkhondo.

Komabe nayenso Diop sabweza msilikali wake kumudzi. Nkhani ithera m'misala ndi m'nkhanza yocitira mkazi wosalakwa, ndipo ndiopa kuti wowerenga wacinyamata adzakumbukira manja odula kuposa nkhope ya Penndo Ba. Atate ake a Alfa, nkhalamba yotsala ku Gandiol, timawaona m'cikumbumtima ca mwana wao cabe. Mabuku onse awiri ndi abwino, ndipo ndikulimbikitsani kuwawerenga. Bandele akupatsani anzake a msilikali ndi lilime lao. Diop akupatsani cimene msilikali amalira mumtima. Koma tsiku limene lole iimirira pamseu, munthu n'kutsika ndi katundu wa anthu amene ena a iwo kulibenso, onse awiri analisiya.

Tsiku limenelo lili ndi mbali yake ya ndalama, imene wolemba woona mtima sangailumphe. Nkhondo itatha, boma la Britain linapereka ndalama yothokoza asilikali molingana ndi miyezi imene anatumikira. M'magulu a East Africa, msilikali wamba wacizungu anali kulandira mashiling'i 10 pa mwezi uliwonse, pamene wakuda wa udindo womwewo anali kulandira atatu ndi theka. Amene afuna kudziwa m'mene anthu analembedwera usilikali kuno kudzera mwa mafumu, ndi zimene anapeza pobwerako, awerenge buku la Alfred Tembo wa pa University of Zambia, War and Society in Colonial Zambia, 1939–1953, la mu 2021. Limenelo ndi buku la mbiri, ndipo nchito yake laigwira. Koma buku la mbiri silingakuuzeni kulemera kwa kakabudula m'dzanja la munthu amene wangozindikira. Imeneyo ndi nchito ya olemba nthano, ndakatulo ndi masewero.

Anzathu olankhula Cibemba anayamba kale. Stephen Mpashi anatulutsa Cekesoni Aingila Ubusoja mu 1950, nkhani ya munthu wolowa usilikali, zaka zisanu cabe nkhondo itatha. Ife a Cinyanja tili ndi maina a misewu ndi a makampu a asilikali, tili ndi mganda umene anyamata a kum'mawa amavina atavala ngati asilikali pa perete, koma pa shelufu ya sukulu imene ndiphunzitsa palibe buku la m'cinenero cathu limene ndingapatse mwana kuti amve mau a msilikali wa kwao. N'cifukwa cake ana anga anabwereka cimphona ca m'mafilimu. Mwana akasowa ndiwo kwao amakapempha kwa aneba.

Mwina wina anganene kuti a ku Burma anatha, tidzafunsa ndani? Ana ao alipo, monga ambuya anga, ngakhale kuti dzuwa lapendeka. Ndiponso nkhondo inabweranso m'dera lomweli makolo athu ali anyamata. Pa 6 Marichi 1978 asilikali a Rhodesia anaukira Kavalamanja, m'boma la Luangwa loyandikana ndi Rufunsa, kumene kunali kampu ya omenyera ufulu a ZIPRA, ndipo asilikali a Zambia anafa pamenepo. Mu Novembala 1979 anaphulitsa milatho ingapo m'dziko muno, kuphatikizapo wa Chongwe pa Great East Road, mseu womwe uja ndinadutsa ndi buku langa m'manja. Amuna amene anagona m'maenje zaka zimenezo akadali moyo. Ena ndi alonda pa mashopu, ena ndi madikoni m'machalichi athu, ena amakhala cete pa maliro akumwa tiyi. Akazi amene anawayembekezera ndiwo amatigulitsa tomato pamsika.

Kwa inu amene mumalemba m'magazini ino, pempho langa ndi lophweka. Foni imene mumaseweretsa magemu ili ndi cojambulira mau. Pitani nayo kwa ambuya, kwa amalume, kwa nkhalamba ya pa nyumba yacitatu. Musayambe ndi kufunsa kuti munapha angati, cifukwa funso limenelo limatseka pakamwa. Funsani kuti munali kusowa ndani, munali kudya ciani, kalata yoyamba inanena zotani, tsiku lobwera munapeza ciani casintha. Mukatha, tembenukani mufunse amai amene akhala pambali akusenda nshawa, amene palibe anawafunsapo. Kwa Bandele phunzirani kulola anthu anu kuseka ndi kulankhula m'lilime lao. Kwa Diop phunzirani kuti msilikali aliyense ananyamula mudzi wake m'cifuwa. Ndipo pamene iwo anaimira, inu pitirizani mpaka pa mpasa.

Temu ino ana anga adzawerenga mitu ingapo ya Burma Boy, cifukwa ndi mankhwala abwino a cimphona cija. Pambuyo pake ndidzawapatsanso mutu womwe uja wa msilikali ali kunkhondo, ndi lamulo limodzi latsopano: nkhani iyambire pa khomo la nyumba ndipo ithere pa khomo lomwelo.

Tsiku lonyamuka ndinafunsa ambuya ngati angandilole kulemba za citini. Anakhala cete kwa kanthawi akupinda kakabudula m'mizere yake yakale, imene atate ao anaipinda mu 1946.

"Lemba," anatero. "Anthu adziwe kuti atate anapita ndipo anabwera. Koma dzina la mwanayo ulisiye. Limenelo ndi lathu."

Anatseka citini, nandiuza kuti ndicibwezere pansi pa bedi, kumutu, kumene madzi safika mvula ikadontha.